Kugwada pa Mtanda wa Mwala

Kumtunda kwa munda wa tiyi umene ndinkagwirako ntchito, m'mbali mwa njira ya ku Khonjeni, kunali mtanda wa mwala wofika m'chifuwa, wobiriwira ndi ndere. Azungu a pa esiteti anaupeza ulipo kale. Ena ankati anauimika ndi Apwitikizi ogula minyanga kalekale. Akuluakulu achilomwe ankati makolo awo anausenza kuchokera kutsidya kwa Ruo. Ine ndikafunsa kuti chimwala chonsecho chinakhala pamutu pa yani, ndewu inkabuka.

Sukulu ya Asabata ndinaisiya nditagenda mphunzitsi ndi sileti, koma phunziro limodzi ndinachoka nalo: munthu sagwadira mwala.

Tsoka ilo, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, wothyola tiyi mnzathu, malume ake ndiwo ankasamalira mtandawo.

Chisanu chikafika tinkadulira tiyi, ndipo mpeni wobuntha unali mlandu. Kapitawo akangoona nthambi yong'ambika, tsikulo wagwira yaulere. Miyala ya kumtsinje kwathu inkangofumbutuka. Ndiye m'mawa wina ndinayesa mpeni wanga pamkono wa mtandawo. Kwee! Kwee! Mwala wabwino ngati umenewo sindinauonepo.

"Mnyamata iwe!" Anali malume aja, ali kumbuyo kwanga. "Ukufuna kuwadula dzanja Ambuye?"

"Ndi mwala uwu, bambo. Ukalira ndisiya."

"Ulira ndiwe."

Ananena zoona. Ankhoswe anga atapita kukafunsira mbeta, anabwezedwa asanakhale n'komwe pamphasa.

Ndinakumana naye mtsikanayo akuchokera kusikelo yoyezera tiyi, dengu lili kumsana. Ndinayamba kulalata za mafano, iye n'kungondiseka.

"Inu maso muli nawo, koma ndi okongoletsa nkhope. Mawa mulawire, mukagwade."

"Ine? Kugwadira mwala?"

"Mukakana, mukwatire mpeni wanuwo."

Ndinanyanyala masiku angapo, ndikutukwana aliyense wondipatsa moni. Kenako ndinalawirira ku mtanda kuja. Nkhungu inali isanachoke. Ndinapeza amuna odulira tiyi atazungulira mtanda, atagwada, mitu ili pansi, mapewa akugwedezeka ngati anthu olira machimo awo. Pakati pawo panali ngakhale mkulu wina wa Sabata amene ankatiphunzitsa za mafano zija.

Ndinagwada pafupi ndi malume aja, mame n'kundilowa m'mawondo. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti tsinde la mtanda, pamene udzu unkabisa, linali lokumbika mizere yosalala, ina yakuya moti chala chinkalowa chonse. Aliyense anali ndi mzere wake, mpeni uli m'manja.

Malume sanandiyang'ane. Anangondikankhira chikho cha madzi, nandilozera mzere wakumapeto.

"Uwo unali wa malemu achimwene anga. Unyowetse kaye." Anatsitsa mawu. "Mikono ndi ya Ambuye, mkamwini. Ife osauka malo athu ndi kumapazi."

Ndinafuna kuyankha zaukali, koma mawu akuti mkamwini anandithetsa ukali wonse. Ndinanyowetsa mwala, n'kuyamba kunola.

Ukwati unachitika tiyi ataphukira. Wansembe amene anatidalitsa, mzungu wachikulire woyenda pa njinga, anauza mpingo kuti sanaone anthu opemphera ngati a phiri lathu. Chinkamudabwitsa n'chimodzi chokha: chikhulupiriro chathu chinkakula m'chisanu, mvula ikagwa n'kuzilala.