Sizasi ya Pamwamba pa Kabati

Mumsewu wathu tonse timawatchula kuti Azakhali, ngakhale ife amene si abale awo. Ndi telala, ndipo amasokera m'chipinda chomwe amagonamo. Poti ntchito yawo ndi ya pakhomo, akazi a mchimwene wawo sankaiwerengera ngati ntchito. M'mawa uliwonse popita kukagulitsa kumsika, ankangowasiyira ana awiri pakhonde.

"Mungowayang'anako, alamu. Si mumangokhala?"

"Ndimangokhala ine? Madiresiwa amadzisoka okha?"

Koma chitseko ankatsegula ndithu. Shuga wa sabata yonse ankatha Lachitatu. Sopo ankamudula pakati, theka n'kubisa. Tsiku lina wamng'onoyo anadula nsalu ya kasitomala kuti asokere chidole chake, ndipo kuyambira pomwepo sizasi inasamukira pamwamba pa kabati. Akafuna kudula, Azakhali ankakwera pampando uku akung'ung'udza kuti asanduka alendo m'nyumba yawo yomwe.

Chaka chino mchimwene wawo anapeza ntchito kutali, banja lonse n'kusamuka. Azakhali anatiuza kuti tsopano apumako. Shuga akufika Lamlungu, ndipo makina akulira tsiku lonse popanda wowakoka diresi.

Dzulo ndinapititsa thalauza kuti andifupikitsire. Anakoka mpando, n'kukwera movutikira, n'kutsitsa sizasi. Atadula, anakweranso kukaibwezera.

"Azakhali, nanga mukubisira ndani?" ndinafunsa.

Anaima pampandopo, sizasi ili m'manja, osandicheukira.

"Mwina abwera pa holide," anatero.