Ndimu Limodzi la Evaristo

Mlamu wanga Evaristo Barría ankameta nkhosa kuno ku Punta Arenas, tauni yozizira kwambiri, ndipo tinkakhala nyumba imodzi. Atakalamba anadzala njere ya ndimu mumgolo. Chisanu chikayamba mu Meyi, ndinkamuthandiza kukokera mgolowo pafupi ndi chitofu, pomwe panali mpando wanga. Msana wanga unathera pamenepo. Popeza m'nyumba mulibe njuchi, ankasisita maluwa ndi bulashi yanga yometera ndevu, osapempha.

Patatha zaka khumi ndi zinayi, mtengowo unabala ndimu limodzi.

"Alamu, tidule tilawe," ndinatero.

"Aphunzitsi, si inu munati sudzabala? Kalaweni mabuku anuwo."

Analidula Lamlungu, nagawira mkazi wake, wansembe ndi woyendetsa basi. Ine anandipatsa tiyi wopanda kanthu.