Mayi Suhaila ndi Ana Omasula Zinthu

Mayi Suhaila Sefu anakulira ku Old Town, pakhonde pomwe bambo awo ankakonzera mawailesi. Atakhala mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ya mumzinda, ankadana ndi zoti ana azingoloweza. "Chinthu osachitsegula, mungachidziwe bwanji?" ankatero.

Anawo anamvera mopitirira muyezo, ndipo makolo ndiwo anatopa nazo. Lolemba lina Bambo Nebert, kholo la ku Area 43, anatulukira ku ofesi ya ahedi atanyamula fani, mawaya ali lendelende. Mayi Suhaila anaitanidwa.

"Mayi, kodi mukuphunzitsa ana kapena chiswe?" anakalipa bamboyo. "Cathy wanga anayamba ndi ayironi, kenako belu la pageti. Lero ndi ichi! Kutentha konseku tikhala bwanji?"

Mayi Suhaila anaitembenuza faniyo n'kufunsa, "Koma wapeza chimene chimaizunguza?"

Ahedi anagwira mutu. Tsiku lomwelo analamula kuti mwana aliyense asakhudzenso katundu wa kwawo.

Mayiwo anakwiya sabata yathunthu, koma sanagonje. Anayamba kuyenda kwa amisiri a ku Old Town kukapempha zinthu zakufa. M'mawa ankakwera minibasi ndi thumba la mamota ndi mabatire, makondakitala akudandaula kuti likung'amba mipando. Kalasi yawo inadzaza ngati galaja, mpaka ahedi anasiya kulowamo.

Cathy pano akuphunzira zamagetsi ku yunivesite. Bambo Nebert amamunyadira, komabe mwanayo akabwera kutchuthi, iwo amatsekera m'chipinda chinthu chilichonse cha mawaya.