Mpando wa Mkamwini

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa pafupi ndi bokosi la mkulu wanga Tisa. Azimayi a kwaya ya ku Minga ankaimbabe, mawu atasasa. Panja azibambo ankawodzera pamoto. Pakhonde panali mpando umodzi wabwino umene amayi analetsa aliyense kukhalapo. Unali wa mkamwini.

Mkamwiniyo palibe anamuonapo. Tisa, mphunzitsi amene mwamuna wake anamwalira kalekale, anadziwana naye pafoni. Akuti anali mzungu wa ku Ulaya, wogwira ntchito m'sitima zapanyanja. Chithunzi chake tonse tinkachidziwa, wa imvi, galu ali pambali. Koma kumuona akuyankhula, ayi ndithu, kamera yake inkangokhala yowonongeka chaka chonse. Ndikafunsa, Tisa ankati ndi nsanje.

Matenda a shuga atamutenga, amayi analamula kuti mwamunayo auzidwe zovuta, monga timachitira ndi mkamwini aliyense. Ndinalemba ndine, pafoni ya malemu. Anayankha kuti akubwera. M'mawa wa tsiku loika, uthenga wina unafika: am'gwira pabwalo la ndege ku Lusaka, timutumizire ndalama kuti am'masule.

Dzuwa likukwera, anthu anadzaza pabwalo. Ena anatsika pa lole yochokera ku Nyimba, aphunzitsi anzake a Tisa anabwera panjinga, akuchimuna, abale a malemu mwamuna wake ochokera ku Nyampande, anafika wapansi, fumbi lili m'mawondo. Utsi wa pamafuwa unkatilowa m'maso. Kum'mawa mitambo inayamba kuda. Adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha, koma amayi anakana kuti bokosi lituluke. Anali ataitanitsa kale wogula ng'ombe kuti atenge ng'ombe yolimira imene inatitsalira. Inzake anagulitsa Tisa chaka chatha, kuti atumizire ndalama mzunguyo atadwala pakati pa nyanja.

Amalume analowa n'kukhala pansi pafupi ndi amayi.

"Mlongo wanga, mkamwini akamva malilo amabwela na thumba la unga wa nsima. Uyu wayamba na kupempha."

"Mwana wanga anali kumuyembekeza," anatero amayi. "Nimuike asanamuone?"

Apo m'pamene ndinamvetsa, ndipo mtima unandiwawa. Amayi sankateteza mzunguyo. Sankafuna kuti mwana wawo aikidwe anthu akunong'onezana kuti anapusitsidwa.

Ndinamulembera mzunguyo kuti msuweni wathu woyendetsa takisi ku Lusaka apita pompo kukamuona pabwalo la ndege. Yankho silinachedwe: kumene ali saloleza alendo, tingotumiza ndalamazo basi. Ndinawawerengera amayi. Anasuzumira panja n'kuyang'ana mitambo ija.

"Nyamulani," anatero. "Za ng'ombe tikambe mailo kukacha."

Mvula inatipeza panjira. Kwaya inatsogola, ana asukulu a Tisa ali pamzere, mayunifomu atanyowa. Kumanda dothi linkamatirira kumakasu. Oitana anthu oika nkhata anafika pa dzina la mkamwini, anadikira pang'ono, n'kupitirira. Nkhata yakeyo amayi anabwerera nayo kunyumba atayifungatira.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa lonyowa, mbale zobwereka, ndi mpando uja, nkhata ili pamwamba pake. Ndikusesa pakhonde, foni ya Tisa inalira. Amayi anati ndiwerenge. Zinali m'Chingerezi, ndipo ndinawamasulira momwe zinalili: "Wokondedwa wanga Tisa, waswera bwanji lero? Ndakusowa. Watumiza?"

"Welenganso."

Ndinawerenganso. Munthu amene tinam'sungira mpando anali ataiwala kuti mkazi amene akum'lembera tam'kwirira masana omwewo. Kaya ankalembera akazi angati tsiku limenelo.

Amayi anachotsa nkhata pampando n'kundipatsa.

"Mailo ukaike kwa mkulu wako, ikhale yako. Ukapitilenso kwa uja wa ng'ombe, umuuze asabwele."

Kenaka anakhala pampandowo okha, n'kuyamba kulira kulira kumene sanalire kumanda. Ine ndinazimitsa foni, ndinapita kukatseka khola.