Zala za Mwana wa Chibakera

Ku kantini ya pafakitale ya matumba palibe amene amawaitana dzina lawo lenileni. Onse amangoti Mai Chibakera, ndipo eni ake amavomera osakwinya nkhope. Dzanja lawo lamanzere ndi lofumbata usana ndi usiku. Zala zitatu zinamatirana n'kupindikira m'chikhatho, ndipo khungu lake ndi losalala ngati pulasitiki. Munthu watsopano pantchito akayamba kuliyang'ana mobera, iwo amangolikweza m'mwamba n'kunena kuti, "Lionereni bwinobwino lero, bambo, kuti mawa muziyang'ana mbale yanu."

Sanabadwe choncho. Dzanja limenelo analitenga ku ukwati. Atangolowa m'banja ankaphikira m'khitchini ya apongozi awo, mayi amene ankaphula poto ndi manja okhaokha n'kumayembekezera kuti anthu awatame. Kwa apongoziwo, mkazi wofuna kansalu pophula poto anali wosasatitsidwa kwawo. Tsiku lina kutabwera alendo, mkamwanayo anagwira chiwaya chachitsulo chomwe chogwirira chake chinali chitakhalitsa pamoto. Anamva kutentha pomwepo, koma kutaya nyama pamaso pa alendo kunali manyazi, ndiye anayenda nacho mpaka patebulo akuluma mlomo. Apongozi anapakapo mafuta ophikira, n'kumanga dzanja lonse lili lofumbata ndi chigamba, eti kuti mphepo isalowe. Za kuchipatala anati ndi za anthu odwala. Tsiku lomasula chigambacho zala zinakana kutambasuka, ndipo zikukanabe mpaka lero.

Mwamuna sanachedwe. Anapeza mkazi wa manja awiri, ndipo sitidziwa kuti manja awiriwo amamuphikira chiyani chodabwitsa. Mai Chibakera anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, komanso ukali wokwanira msewu wonse. Ntchito ya kukantini anaipeza mokakamira, akunyamula masefuliya ndi dzanja limodzi n'kumathandizira ndi mkono winawo, mpaka onse amene ankati sangathe anatopa kunena.

Panopa khitchiniyo imayenda mwa malamulo awo. Nsalu zophulira zimapachikidwa pamisomali kutali ndi sinki, ndipo wozigwira ndi manja onyowa amamva mawu. Nsalu yonyowa amadana nayo ngati munthu. Ukaigwira imaoneka yozizira, koma ikangokhudza chitsulo chotentha imatulutsa nthunzi n'kukuphika chikhatho usanafike n'komwe pomwe ukupita. Zogwirira za mapoto zimayang'ana kukhoma, osati kunjira. Chiwaya chotuluka mu uvuni amachisiyira nsalu pachogwirira kuti wobwera pambuyo asachinyamule ngati chozizira. Wodutsa ndi poto kumbuyo kwa mnzake amakuwa kuti "Moto!" Koma lamulo limene amalibwereza kwambiri ndi loti chikakuwotcha uchisiye n'kulumphira m'mbuyo, mpunga aphikanso wina. Anzawo amawanena kumbali kuti ndi ovuta. Ndi ovutadi, koma m'khitchini imeneyo simunatulukepo dzanja lina longa lawo.

Mai Chibakera sanafune kuona mwana wawo akukalamba pamapoto a anthu. Anamutumiza kukaphunzira zosoka, ndipo anakhala telala wodziwika, wa kashopu kakang'ono pansi pa masitepe kumsika. Mai Chibakera akaweruka ankadutsa kumeneko, kukhala pakampando ka makasitomala, n'kumangoyang'ana zala za mwana wawo zikuyendetsa nsalu pansi pa singano ya makina. Sankalankhula zambiri. Chuma chawo chonse chinali zala khumi zimenezo, ndipo ankazikonda mopanda manyazi.

Telalayo anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, mnyamata wofatsa amene ankakhala ndi mayi ake. Mayi akewo, omwe tsopano anali asewele a Mai Chibakera, anali aukhondo woopsa. M'nyumba mwawo kansalu sikankaloledwa kuuma, chifukwa kakangouma ankakachapanso.

Lamulungu lina Mai Chibakera anaitanidwa kukadya nkhomaliro. Telala anakawachingamira pageti n'kuwanong'oneza kuti, "Amayi, chonde, kuno si kukantini. Mukaona chinthu, mungochiona basi."

"Kodi ndine wamisala?" anatero iwo.

Anawakhazika pabalaza, pampando woyang'anizana ndi chitseko cha khitchini, ndipo kumeneko kunali kulakwitsa. Anaona tinsalu tonse tili m'mphepete mwa sinki tikudontha. Anaona chogwirira cha poto chitasongoka chakunjira. Anameza malovu, anayamikira makatani, anafunsa za miyendo ya asewele. Lilime linkawayabwa, koma analonjeza.

Kenaka asewele anauza mpongozi wawo kuti atulutse nkhuku mu uvuni. Telala anatenga kansalu ka pasinki paja, anapinda kawiri, n'kukoka chiwaya cholemera ndi dzanja lamanja. Atangoyenda pang'ono nkhope yake inasintha. Nthunzi inali italowa. Kansalu kanaterereka, chiwaya chinapendekeka, ndipo iye m'malo mochileka anachiwakha pansi pake ndi dzanja lamanzere lopanda kanthu.

"Taya!" Mai Chibakera anakuwa ali chiimire.

Telala anayang'ana apongozi ake, anayang'ana pansi poyera pomwe anali atakolopa m'mawa, ndipo sanataye. Anayenda nacho mpaka patebulo. Atachitula m'pamene anatulutsa mawu, kamawu kakang'ono, akugwira dzanja lake pamkono. Chikhatho chinali chofiira psuu, ndipo m'munsi mwa zala khungu linali litayamba kale kuyera. Limenelo ndilo dzanja lotsogolera nsalu pamakina.

Asewele anali mayi wachangu, zimenezo tisawamane. "Musadandaule, musadandaule! Iwe, bweretsa dzira! Ubweretsenso mankhwala otsukira mano kubafa!" Mkamwini anathamanga. Dzira linafika, asewele analikweza kuti aliswere pachikhathopo, koma silinafike. Linakumana ndi chibakera chija m'njira n'kukaphwanyikira pakhoma.

Mai Chibakera anakoka mwana wawo kupita naye pasinki, anatsegula mpopi pang'ono kuti madzi asamenye mwamphamvu, n'kulowetsa dzanjalo pansi pake.

"Asewele, mukutani? Madzi amatupitsa matuza, aliyense amadziwa zimenezo!" anakuwa eni nyumba.

"Matuza wawabweretsa ndi moto, asewele. Motowo udakali mkati, ukudyabe. Tiuzimitse kaye."

Mkamwini anatsegula firiji n'kubwera ndi madzi oundana, akufuna kuthandiza mbali zonse ziwiri. "Bwezerani, bambo," anatero Mai Chibakera. "Amenewo amalumanso khungu lopsa. A pampopi omwewa akwana."

Atatembenuza dzanjalo anaona mphete ya ukwati. Chala chinali chitayamba kufufuma mbali zonse za mpheteyo. Sanafunse munthu. Anapaka kasopo pamsana pa chalacho, pomwe sipanapse, anapotoza mphete pang'onopang'ono madzi akuyenderera, telala akulira, mpaka inavuka. Anaipereka kwa mkamwini. "Sungani. Mkazi wanu sakuthawa."

Apa ndiye asewele anapsa mtima zenizeni. Dzira akanatha kulikhululukira, khoma akanapukuta. Koma mphete ya mwana wawo kuvulidwa ndi mlendo, m'nyumba mwawo, iwo ali pomwepo! "Ndiye mwabwera kudzathetsa banja? Mwaiona kuti nkhani yotere? Mwana ameneyu ndi wa pakhomo pano tsopano. Ndalera ana, ndapsa kangati ine, ndili ndi chilema?" Anatambasula dzanja kuti atseke mpopi.

Mai Chibakera anaika chibakera chawo pamwamba pa mpopiwo. Sanakweze mawu. "Chalachi chikatupa mphete ili momwemo, kuchipatala adula mphete, apo ayi chala chifa. Sankhani. Ndipo dzanja mukulionali linapakidwa mafuta ndi mayi amene ankandikonda ngati mmene inu mukumukondera uyu. Mpopiwu sutsekedwa."

"Amayi, mukundichititsa manyazi," anatero telala misozi ili chuchuchu. Mawu amenewo anawalasa Mai Chibakera kuposa onse a asewele, chifukwa anawazindikira. Manyazi omwewo ndi amene anawanyamulitsa iwonso chiwaya mpaka patebulo kale lija.

"Chita manyazi, mwana wanga. Dzanja likhale pomwepo."

Anaimirira pasinkipo nthawi yaitali. Nkhuku inazizira patebulo. Asewele anatuluka, analowanso, anaitana Mulungu kuti aone, anakakhala pabalaza n'kumalankhula ndi makatani. Telala ankati akatulutsa dzanja ululu n'kubwerera, mayi ake n'kulibwezera pansi pa madzi. Matuza anatuluka ndithu, aakulu, m'chikhatho ndi m'zala zitatu. Asewele atawaona anabwera ndi singano kuti awaphulitse madzi atuluke, ndipo tinene zoona, ankafunadi kuthandiza. Mai Chibakera anangowayang'ana, singanoyo inabwerera komwe inachokera.

Ululu utachepa anapempha mkamwini nsalu youma yochapa bwino. M'nyumba yonse yaukhondoyo youma inapezeka imodzi, pilokesi ya m'kabati. Anaing'amba ndi mano, anaika kachidutswa pakati pa chala ndi chala kuti zisakhudzane, n'kukulunga mosamanga, dzanja lili lotambasuka. "Tsopano kuchipatala. Kupsa kwa m'chikhatho sikochizira pakhomo."

Mkamwini anayang'ana mayi ake, anayang'ana mkazi wake, n'kutenga makiyi. Anatuluka atatu. Palibe amene anawaperekeza.

Patapita masiku, mkamwini anafika kukantini, anaima pakhomo lakumbuyo akupotokola chipewa. Anati dzanja likupola, anamwino akulitsuka n'kumamuuza kuti azitambasula zala ngakhale zikuwawa. Kenaka anakhosomola. Anati mayi ake akuti pakhomo pawo ananyozedwa, ndipo Mai Chibakera asadzapondeponso mpaka atapita kukapepesa, makamaka za mphete.

"Mukawauze kuti dzira lawo ndi khoma lawo ndapepesa. Pilokesi ndidzawapatsa ina. Za mphete ndi za madzi, ayi."

"Amayi, n'kungonena chabe. Mawu okha."

"Ndikanena mawu okhawo, mawa mukadzakhala ndi mwana n'kupsa, adzamuswera dzira, ine nditavomereza kale kuti ndinalakwa. Pitani bwino, bambo. Basi ikudikira."

Mnyamatayo atapita, iwo anakalowa m'stolo n'kukhala pathumba la mpunga. Musaganize kuti sizinawawawe. Mwana anali mmodzi yekhayo, ndipo nyumba imene ankakhala inali itawatsekera chitseko. Analira pang'ono, anapukuta m'maso, anatuluka n'kukalipira munthu amene anasiya chogwirira chitayang'ana kunjira.

Kushopu kunali kotseka, ndipo telala sanabwere kwa nthawi ndithu. Mai Chibakera ankadutsabe pansi pa masitepe paja poweruka, kuyang'ana loko, n'kupitirira. Sankadziwa ngati mwanayo akuletsedwa kapena wakwiya yekha, ndipo sanatume munthu kukafunsa.

Tsiku lina masana, anthu atamaliza kudya, wotsuka mbale anati kunja kuli mlendo. Telala anali ataima pafupi ndi migolo ya zinyalala, wopanda bandeji, dzanja atalibisa m'thumba la siketi. Sanapatsane moni wautali.

"Tulutsa."

Anatulutsa. Khungu la m'chikhatho linali latsopano, lofiirira, lopyapyala.

"Tambasula."

Zala zinatambasuka zonse zisanu, chilichonse pachokha.

"Pinda."

Zinapinda.

"Chikhathocho chikuwawa?"

"Chimakoka pang'ono m'mawa. Dzulo ndasoka siketi." Telala anayang'ana pansi. "Amayi, apongozi sanasinthe. Akuti mukapanda kupepesa, ngakhale pa matenda, ngakhale tikadzakhala ndi mwana, musadzabwere. Ine ndatopa kukhala pakati. Simungangopita?"

Mai Chibakera anaganiza za mdzukulu amene sanabadwe, amene mwina adzayamba kumuona ali woyenda kale, ndipo mtima unawapweteka kwambiri.

"Sindipita," anatero.

"Ndiye muzindiona bwanji?"

"Miyendo sinapse. Njira ya kuno ukuidziwa."

Telala anafuna kukwiya, koma kunatuluka kuseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi. M'khitchini munthu anakuwa kuti "Moto!" ndipo wina anaitana Mai Chibakera kuti nyemba za mawa zikufuna kuona iwo. Iwo sanatembenuke. Maso awo anali padzanja paja.

"Adikire," anatero. "Tambasulanso, ndione."