Akuluakulu a Mbali Ziwiri

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, pa 31 Malichi 2009, ndikusita malaya a kuntchito. Ndinkakhala ku Thamesmead, m'fulati ya pamwamba, ndipo ntchito yanga inali yosamalira okalamba. Nditatsegula chitseko ndinayamba kuona mfuti, nkhope pambuyo. Wina anakuwa kuti ndigone chafufumimba, manja kumbuyo. Ndili pansipo, chimene chinkandidetsa nkhawa chinali simbi, kuti ndaisiya pa malaya.

Apolisiwo sanavutike n'kufufuza. Analunjika pa kabati ya pafupi ndi chitseko n'kutulutsa chikwanje, nkhwangwa ndi khasu, zokulunga m'chitenje chatsopano. Anadziwa bwanji polunjika? Funso limeneli ndinakwera nalo galimoto yawo.

Loweruka la mlungu womwewo kunayenera kukhala chinkhoswe cha mwana wa malemu mlongo wanga, m'holo ya tchalitchi china ku Ilford. Mtsikanayo ndinamulera ndine mpaka anakhala namwino. Monga malume, ndinali nkhoswe wa kuchikazi, ndipo kwathu a kuchikazi amapereka kwa mkamwini zida zogwirira ntchito, kuti akadyetse banja ndi manja ake. Khasu ndi nkhwangwa ndinagula m'sitolo ya zakudimba. Chikwanje chinachokera kumudzi, ndipo dzimbiri lake ndinalichotsera pakhonde, anansi akuona.

A kuchimuna anali anthu obadwira m'mafamu a ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Ntcheu. Nkhoswe wawo, bambo wamtali wogwira ntchito yaulonda ku Wembley, ukwatiwu sankaufuna, ndipo sankabisa. Kunyumba kwanga anabwerako kamodzi, ndinamuonetsa zidazo m'kabati muja, iye n'kuseka.

"Muno ndi mu London, bambo. Khasu akalimira pati, pa carpet? Chabwino, tipanga mwambo wanuwo. Koma tsikulo likalephereka, ife date ina sitipereka."

Kupolisi ananditenga lamba, zingwe za nsapato ndi magalasi. Anandivula zonse pamaso pa anthu a msinkhu wa ana anga. Za zimenezo sindinena zambiri. Chipinda chimene ananditsekeramo chinali ndi benchi, kamatiresi ka pulasitiki ndi getsi losazima. Anandiuza kuti andigwira pa lamulo la zauchigawenga, ndipo pa lamulo limenelo munthu sakhala ndi changu chotuluka.

Lachitatu, pa 1 Epulo, anandikhazika patebulo ndi wapolisi wa mawu ofatsa, loya amene boma linandipatsa, ndi womasulira, mayi wa ku Zambia. Wapolisiyo anafunsa ngati ndinkadziwa amene ali m'tauni mlungu umenewo. Ndinati ndinaziona pa TV kuntchito: atsogoleri a maiko ambiri akubwera, ndipo wa ku America ndi wa ku Russia akuyembekezeka kukumana pawokha kuti ayambe kukambirana zochepetsa mabomba a nyukiliya.

"Akukumana lero," anatero. "Ndipo msewu wochoka kwanu kupita ku Ilford umadutsa pafupi ndi kumene kuli msonkhano waukulu mawa."

Kenako anadina kamakina, ndipo m'chipindamo munamveka mawu anga omwe.

"Moni ankhoswe anzanga. Zida zonse zatheka, chikwanje n'chakuthwa bwino. Akuluakulu a mbali ziwiri akangokhala pansi, ife tizitulutsa. Musauze aliyense, akangozionera pompo."

Mayi uja anamasulira liwu ndi liwu. Atafika pa zida anadodoma, n'kunena kuti liwuli limatanthauza zogwirira ntchito, komanso zankhondo. Ndinaona cholembera cha wapolisiyo chikuyenda pa lachiwirilo. Ndinalusa, ndinamuuza mayiyo kuti afotokoze bwino, si amadziwa chinkhoswe?

"Ine nimasulira chabe vamene mwakamba, atate," anatero motsitsa mawu, maso pansi. "Nikaonjezapo bazakamba ati tili pamodzi."

Ndinafotokoza ndekha, m'Chingelezi changa cha kuntchito. Ndinati akuluakuluwo ndi amalume ndi azakhali, mbali ziwirizo ndi kuchimuna ndi kuchikazi.

"Ndimvetse," anatero wapolisiyo. "Pali mabanja awiri osakhulupirirana, ndiye kuti pakhale mtendere mumapatsana zikwanje?"

Ndinati eya. Ndinamva ndekha mmene yankholo linamvekera, ndipo loya wanga anayang'ana kudenga.

Koma chimene chinandiluma sichinali kumasulirako. Uthenga umenewo ndinausiya pa foni imodzi yokha, ya nkhoswe wa kuchimuna, Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinafunsa kuti autenga kuti. Wapolisiyo anamwetulira n'kuti mafunso amafunsa ndi iye.

Lachinayi ndi Lachisanu anandifunsa zomwezo, mozungulira. Ndili ndekha ndinkazenga milandu m'mutu mwanga. Ndinkayamba ndi mayi wa fulati yoyandikana nayo, amene sanandipatsepo moni, ndipo anandiona ndi chikwanje pakhonde. Koma iyeyo kabati akanaidziwa bwanji? Ndinkapita kwa mkamwini, kwa anthu a kutchalitchi, ngakhale kwa womasulira uja. Njira zonse zinkabwerera kwa bambo wamtali wa ku Wembley, amene pantchito yake ankacheza ndi apolisi tsiku ndi tsiku.

Mlonda wina wobweretsa chakudya ankakonda kundiseka pa kazenera ka pachitseko.

"Akuluakulu ako aja agwirana chanza, uli muno," anatero Lachisanu. "Agwirizana kuti achepetsa mabomba. Koma akuti aliyense azikasuzumira m'nkhokwe ya mnzake, kuopa kunamizidwa."

Ndinalingalira mawu amenewo nthawi yaitali. Anthu okhala ndi zida zotha kuotcha dziko lonse anadyera limodzi, kujambulitsa, n'kukwera ndege zawo. Wa khasu ndiye anali m'chitokosi. Komabe sindinawaseke. Ntchito yawo ndinkaidziwa, ndi unkhoswe womwewo: kukhala patebulo ndi munthu amene sukumukhulupirira, chifukwa kumbuyo kwako kuli ana amene adzavutike mukalekana.

Loweruka ndinapempha kuti andiuze nthawi ikakwana masana. Sanandiuze, koma ndinadziwa ndi chakudya. Ndinkaona holo ija m'maganizo, mipando yokutidwa nsalu zoyera, amayi atavala zitenje zofanana, mwana wa mlongo wanga akuyang'ana kuchitseko. Mayi ake akumwalira ndinawalonjeza kuti ndidzamuimira pa tsiku limeneli. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Bambo uja ndinamuda tsiku limenelo kuposa mmene ndinaderapo munthu.

Anandimasula Lolemba, pa 6 Epulo, alendo aja atapita kwawo. Panalibe mlandu, panalibenso pepani. Anandibwezera lamba, magalasi ndi khasu. Chikwanje ndi nkhwangwa anati zitsala. Mlungu umenewo, mu London monse, munthu amene zida zake zinachepetsedwadi ndinali ine.

Panja ndinapeza mwana wa mlongo wanga, maso ofiira, ndipo pambali pake panaima nkhoswe wa kuchimuna, makiyi a galimoto m'manja. Sindinamupatse moni. Ndinamufunsa za uthenga uja pomwepo pamsewu.

"Ndinawapatsa ndine," anatero. "Anabwera kwanga atakugwirani kale. Ndinati amve okha kuti ndi nkhani ya wedding. Sindinadziwe kuti aitembenuza."

"Nanga kabati anaidziwa bwanji, asanabwere kwanu?"

"Zimenezo afunseni iwowo, bambo."

Mtsikanayo anandigwira mkono. "Amalume, please. Ndi iwowa apanga book holo ina, ya mwezi wamawa. Sindinawapemphe. Mukakana inu, basi zatha."

Munthu amene analumbira kuti tsiku lina sapereka anali atalipeza yekha. Kaya unali mtima wabwino, kaya manyazi a munthu amene anafuna kungosokoneza mwambo zinthu n'kumukulira, sindinadziwe, ndipo mpaka pano sindidziwa. Ndinkaganiza kuti ufulu ndi kutuluka pachitseko chija. Ndinatulukadi, koma wapolisi wa mawu ofatsa uja ndinatuluka naye, anakhala m'mutu mwanga n'kumafunsa aliyense wondipatsa moni kuti akufuna chiyani. Ufulu umene unanditsalira unali waung'ono: kuvomera kapena kukana.

Chinkhoswe chinachitika mu Meyi. Mwambowo uli ndi gawo limene ankhoswe awiri amapatsidwa nkhuku yootcha m'mbale imodzi kuti adye pamaso pa anthu, kusonyeza kuti kuyambira pamenepo nkhani za banjalo azisenzera limodzi. Anaika mbaleyo pakati pathu. Holo yonse inkadziwa kumene ndinali mu Epulo. Ndinaiyang'ana nkhukuyo, ndikudzifunsa ngati ndingadyere m'mbale imodzi ndi munthu ameneyu.

Bamboyo anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti wadziwa chimene ndikuganiza. Ananyema nthuli, kuithira mchere, n'kuyamba kudya iye, pang'onopang'ono, maso ake ali pa ine. Atameza anakankhira mbale kwa ine.

Sindinamukhulupirire. Ndinacheuka, ndinaona mwana wa mlongo wanga atagwira mpando ndi manja onse awiri. Ndinatenga nthuli yanga n'kudya.