Kakhadi Kamene Ndinamanga pa Chitenje

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Kapondo patatha miyezi itatu chimwalirireni amuna anga, a Lufeyo. Sikuti ndinkasirira tauni. Fodya amene tinawokera limodzi ndinalephera kumusamalira ndekha, chimanga chinatuluka chochepa, ndipo mwana wathu Tiyamike anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wogulitsa kaunjika ku boda, anandiuza kuti ku Lusaka kuli banja lofuna munthu wa ntchito za m'nyumba. Ndinavomera tsiku lomwelo. Tiyamike ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga.

A Lufeyo ankagwira ntchito pa mathiraki, kukweza ndi kutsitsa katundu, nthawi zina n'kupita nawo mpaka ku Beira. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Kuwerenga ndimawerenga, koma mokoka. Ndiye atandigulira foni yaikulu, yopalasa ndi chala, sanavutike n'kundiphunzitsa kulemba. Anandionetsa podina kuti mawu atuluke, basi. Pa Watsapu sankandilembera, ankangolankhula. "ANabanda, tafika pa Tete, dzuwa la kuno likhoza kuwotcha chimanga. Mbuzi ija mwamangirira?" Mauthenga oterowo anawunjikana m'fonimo kwa zaka zitatu. Atamwalira, ndinkamvetsera umodzi m'mawa uliwonse ndisananyamule khasu, Tiyamike atakhala pambali panga.

Iwo anali mkamwini kwathu, choncho tsiku lometa abale awo anabwera kuchokera ku Dambe kudzatenga katundu wa malemu. Amene ankaloza zotenga anali mlongo wawo wamkulu, aNaphiri. Njinga, wailesi, jekete, foni yawo. Ndinapempha kuti foni yokhayo andisiyire. ANaphiri anayankha osandiyang'ana.

"Inu muli nayo yanu, alamu. Ife tisatsale n'kanthu?"

Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulanenso.

Ndalama ya basi ndi ya mapepala a paboda ndinalibe, ndipo chinthu cha mtengo m'nyumba mwanga chinali foni ija. Ndinali nditaonapo a Lufeyo akusintha foni kawiri konse. Ankachotsa kakhadi kaja, simu khadi, n'kukalowetsa mu ina, mayina a anthu onse n'kutsatira. Ndinati ngati mayina amakhala m'kakhadi, ndiye kuti mawunso amakhala momwemo. Sindinafunse munthu. Ndinapita kwa bambo wina wogula mafoni pa msika wa paboda, ndinamuuza kuti andichotsere kaye kakhadi kanga. Anakatulutsa ndi kasingano n'kundiikira m'dzanja.

"Zanu zonse mwasunga, mayi? Poti ine ndiipukuta yonse."

"Zonse zili umu," ndinatero, ndikumuonetsa kakhadiko.

Ndinakakulunga m'kapepala ka shuga n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Pokwera basi Tiyamike sanandipemphe nsapato kapena diresi. Anangoti, "Amayi, mawu a ababa aja musataye."

Nyumba ya ku Lusaka inali ndi makina ochuluka kuposa anthu. Ochapira zovala ankalira akamaliza. Otenthetsera chakudya ankalira. Geti inkatseguka yokha munthu akadina kabatani ali m'galimoto. Chilichonse chinali ndi kulira kwake, ndipo ine ndinkathamangira konse, mapazi akutupa pa matailosi ozizira. Amadamu sanali munthu woipa. Ankachoka m'mamawa ndi amuna awo, ana kusukulu, ine n'kutsala ndekha mkati mwa mpanda wautali. Tsiku linkatha ndalankhula mawu osakwana khumi. Kumudzi ngakhale uli ndi chisoni, wina amadutsa kudzapempha moto kapena mchere. Kumeneko kunalibe wodutsa.

Amadamu anandipatsa kafoni ka mabatani ka layini ya ku Zambia. Kuimba kumudzi kunkadya mayunitsi ngati chiswe. Tinkalankhula mothamanga, moni wosamaliza, kenako nkhani ya fizi ndi feteleza, foni n'kuduka. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa mayi wa kaunjika uja. Zimene anthu amanena kuti kunja kuli ndalama, ine sindinazione. Ndinaona zokwanira kuti mwana asathamangitsidwe kusukulu, ndi sopo wanga. Komabe mwezi uliwonse ndinkapatula pang'ono, cholinga chili chimodzi: foni yaikulu, kuti ndilowetsemo kakhadi kanga. Pochapa chitenje ndinkayamba ndamasula mfundo ija, n'kuika kakhadi m'kapu pamwamba pa kabati.

Pa holide Tiyamike ankandifunsa pa foni ya mng'ono wanga, "Alipo?" Ndinkayankha kuti alipo, ndawasunga.

Panapita miyezi khumi kuti ndiigule. Linali Lamlungu masana. Ndinapempha amadamu kuti andilowetsere kakhadi. Anakalowetsa, anayatsa, anapalasapalasa, kenako anandiyang'ana. Anafunsa kuti ndikufuna chiyani makamaka. Nditawauza, anaika foni pa tebulo pang'onopang'ono. Anayankhula Chinyanja chawo cha kumeneko.

"Amai Banda, mau siyankala mu simu. Yankala mu foni. Foni yanu yakudala ili kuti?"

Ndinati ndinagulitsa.

Anayesetsa, sindingawanamizire. Anatsegula kompyuta yawo ya pa miyendo, anandifunsa za imelo, za pasiwedi. Zimenezo ankadziwa ndi a Lufeyo, ndipo anapita nazo kumanda. Anandiuzanso kuti layini yanga inatsekedwa kalekale chifukwa chokhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Pomaliza ndinawatchulira nambala ya a Lufeyo, imene ndimaidziwa pamtima mpaka lero. Analemba. Pamene kale pankakhala chithunzi chawo atatsamira thiraki panatuluka mtsikana wosadziwika wovala magalasi adzuwa. Nambala inali itapatsidwa kwa wina.

Sindinalire. Ndinanyamuka n'kukayanula zovala, poti mvula inkabwera.

Chaka chachiwiri ndicho chinali chachitali. Nkhope ya a Lufeyo ndinali nayo pa chithunzi cha ukwati, koma mawu anayamba kundithawa. Ndinkakumbukira zimene ankanena, osakumbukira mmene ankanenera. Ndikamasita zovala ndinkayesa kudziuza kuti "ANabanda, tafika pa Tete," koma ankatuluka mawu anga omwe. Foni yatsopano ndinaidziwa ndithu. Amadamu ankanditumizira uthenga wa zogula, ine n'kuutumiza kwa mayi wa pa golosale, ndipo ndinaphunzira kudinikiza uthenga mpaka pamwamba patuluke tizizindikiro. Ndinaphunziranso kuti kamuvi kotumizira ndi kabini kofufutira n'toyandikana, chifukwa kawiri ndinafufuta zimene ndinkafuna kutumiza. Chala cha munthu wolima n'chachikulu.

Tiyamike anapitiriza kufunsa. Ine ndinapitiriza kunena kuti alipo, kungoti netiweki ya kuno siilola kutumiza. Kakhadi sindinakataye. Ndinkadziwa kuti mulibe kanthu, koma ndinkakamangabe.

Ndinabwerera miyendo itafika pokana nsapato. Nditawoloka boda pa Mwami foni inalira kundilandira m'dziko langa lomwe. Kumudzi ndinapeza nyumba zambiri zili ndi sola pa denga, uthenga wa maliro ukuyenda pa foni m'malo mwa munthu wa njinga. Nyumba yanga inali itadontha mbali imodzi. Anthu ankabwera kudzandilonjera, maso ali pa chikwama. Sukulu zinali zoti zitsekedwa sabata yotsatira, ndipo ndinkadziwa chimene Tiyamike adzafunse asanavule n'komwe yunifolomu.

Masiku atatu ndinalimbana nawo mtima. Tsiku lachinayi ndinakwera kabaza kupita ku Dambe.

ANaphiri ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Anali atachepa thupi. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana monga alendo, za mvula, za miyendo yanga. Kenako anati, "Anthu a ku Lusaka sayendera chabe. Nenani."

Ndinawauza zonse, za kakhadi, za bambo wa paboda, za bodza limene ndakhala ndikumuuza mwana. Ndinapempha kuti ndingoiona foni ya malemu, mwina zimene ankanditumizira zinatsalamo.

"Ija anaitenga achimwene a ku Lilongwe sabata yomwe ija. Anaipukuta, ana awo anaiswa. Ine sindinaigwire n'komwe kawiri." Anataya makoko pansi. "Ndiye mwayenda zaka ziwiri mutamanga kanthu kopanda kanthu?"

"Eya."

"Inunso alamu, kusafunsa."

Ndinayamba kukonza chitenje kuti ndizipita. Iwo anati ndidikire, analowa m'nyumba. Anatuluka ndi foni yokulungidwa m'kansalu, galasi losweka pakona, kumbuyo atamanga ndi labala.

"Iyi anandigulira mwana wanga wa ku Joni," anatero. "Chaka chino chonse ikundiuza kuti yadzaza. Zithunzi za adzukulu sizikulowa, ndimangoona kabwalo kakuzungulira. Aliyense akuti bweretsani tikufufutireni zakale. Ine ndimakana. Palibe amene amaigwira."

Anapalasa ndi chala chimodzi mosamala, ngati akuchotsa kachitsotso m'diso la mwana, n'kudina.

"Achemwali, ndine Lufeyo. Sipuleya yanga ija mwaisandutsa yanu? Mbozi zatha chimanga kuno. Muwapatse a kabaza mawa, musaiwale ndi kapaipi kake, poti inu kubweza zinthu zathunthu..."

Mawuwo anali okwera kuposa mmene ndinkawaganizira, ndipo ankakokera kumapeto. Ndinali nditaiwala zoti ankakokera. Ndinagwira mphasa ndi manja onse awiri. Ndiye chapatali m'fonimo munamveka mkazi akulalata.

"Kodi mukulankhula ndi ndani nthawi yonseyi? Madzi osamba akuzizira, ine sinditenthetsanso."

A Lufeyo anaseka. "Mwamva, achemwali? Boma laitana. Sipuleya mawa."

Zinathera pomwepo. Sizinakwane ngakhale miniti imodzi.

Nkhuku zinayamba kutola mtedza pamphasa, ife osazipirikitsa. Kenako aNaphiri anati, "Ndi umodzi wokhawu. Ena ankangondiimbira. Ndimamvetsera Lachisanu lililonse, tsiku limene anapita. Mawu anunso ndawamva kokwana, alamu. Mumalalata."

"Sipuleya munabweza?"

"Ili m'nyumbamu."

Ndinawauza kuti uthengawo ukhoza kutumizidwa pa foni yanga, wawo n'kutsala pomwepo. Anakumbatira foni pachifuwa. Anati mwana wa mnzawo anayesera zoterozo ndi nyimbo za kwaya, zonse zinafufutika. Sindinawatsutse. Ndinawauza zoona, kuti pofufutira ndi potumizira n'poyandikana, kuti ine ndinalakwitsapo kawiri, ndipo kuti akakana sindidzawaimba mlandu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kwa nthawi yoyamba chichokereni pa maliro.

"Pano netiweki kulibe," anatero. "Tiyeni pa chulu."

Tinakwera chulu cha kuseri kwa khola, amayi awiri akuluakulu, wina miyendo yotupa, wina akupuma movutikira, dzuwa lili paliwombo. Ndinawagulira bandulo kuchokera pa foni yanga. Batire yawo inali itafiira. Anandipatsa foni koma dzanja lawo silinachoke pa mkono wanga. Ndinapukuta chala pa chitenje, ndinadinikiza uthenga. Tizizindikiro tinatuluka, ndipo mng'alu wa galasi unadutsa pakati penipeni pa kamuvi ndi kabini. Ndinapendeketsa foni kuti dzuwa lisandithobwe m'maso. Ndinagwiritsa chala chaching'ono chakumapeto, chimene khasu silinachikulitse.

Kabwalo kanazungulira, kanazungulira. Foni yanga inalira m'chikwama.

ANaphiri analanda yawo n'kudina kuti aone ngati mlongo wawo akadalimo. Anali momwemo. Ine ndinadinanso yanga, ndipo a Lufeyo anaitanitsa sipuleya m'mafoni awiri nthawi imodzi, wina patsogolo pang'ono. ANaphiri anakhala pansi pa chulu pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

Potsika ndinawauza kuti tsopano ndikhoza kuwafufutira zina zosafunika kuti zithunzi za adzukulu zilowe. Anakana. "Zisiyeni. Adzukuluwo ndidzawaona ndi maso akadzabwera." Anandinyamulitsa mtedza wa mbewu m'thumba, ndi sipuleya ija, kapaipi kake kalipo.

Pa kabaza pobwerera ndinkawerengera mtunda. Kuchokera pakhomo panga kufika pakhonde la aNaphiri sipatenga theka la tsiku. Ine ndinapita mpaka ku Lusaka, ndinakolopa matailosi miyezi khumi kuti ndimve mawu amene anali pamenepa, akusungidwa ndi munthu amene ndinkati anandilanda zonse. Ndinachoka ndikuganiza kuti wofedwa ndine ndekha.

Tiyamike anabwera Loweruka. Ndinamuuza zoona asanafunse, kuti aja a ku Tete ndi ku Beira anapita, ndipo ndinawataya ndine. Wakula tsopano, wandipitirira msinkhu. Ndinamupatsa foni. Anamvetsera ataigunditsa kukhutu, anabwereza, kenako anandiyang'ana.

"Amayi, ndinu mukulalatawo?"

"Ndine."

"Anakasamba?"

"Anakasamba ozizira omwewo," ndinatero. "Dinanso."